Chikalata cha amayi chili m'kabati, banki ikufuna khodi: ndiyambire pati?

Funso:

Ndimakhala ku Leicester. Amayi anga anabwera kuno ku UK mu 2003, agwira ntchito yosamalira okalamba zaka zambiri, ndipo lero iwonso ayamba kudwala matenda oiwala. Mu 2018, mutu ukadali bwino, anasaina chikalata chopatsa ena mphamvu yowaimira, chotchedwa lasting power of attorney, cha za ndalama ndi katundu, n'kusankha ine ndi achimwene anga a ku Manchester kuti tidzawaimire. Chikalatacho chinalembetsedwa kuboma ndipo ndikusunga ndine. Mwezi watha ndinapita nacho kubanki, anandiuza kuti zinthu zikanafulumira ndikanawapatsa khodi ya pa intaneti. Ndasanthula mapepala onse koma khodiyo sindikuiona. Ndiyambire pati? Chinanso, amayi ankatumiza ndalama mwezi ndi mwezi kwa mng'ono wawo ku Dedza, ndipo ali ndi nyumba ya lendi ku Area 25 ku Lilongwe. Kodi chikalatachi chikundilola kupitiriza zonsezi?

Yankho:

Achemwali, pepani ndi matenda a amayi. Munthu amene watha zaka akusambitsa ndi kudyetsa makolo a eni ake, n'kufika poti ayambe kuiwala maina a ana ake omwe, ndi chinthu chopweteka mtima. Koma amayi anachita mwanzeru kusaina chikalatachi nthawi ikadalipo. Ambiri amene amabwera kudzandifunsa amafika madzi atafika kale m'khosi, kholo litalephera kusaina chilichonse, ndipo njira yotsala imakhala ya khoti, yomwe ndi yaitali ndiponso yodula.

Khodi imene mukufunafuna simungaipeze m'mapepala chifukwa sinapangidwe. Woipanga ndinu, ndipo mudzapanga yatsopano nthawi iliyonse banki, khonsolo kapena kampani ya magetsi ikafuna umboni. Lekani kugwedeza madilowa.

Ofesi imene inalembetsa chikalata cha amayi ndi Office of the Public Guardian, ambiri amangoti OPG. Imayang'anira England ndi Wales, motsatira lamulo la Mental Capacity Act 2005, lomwe linabweretsa mtundu uwu wa chikalata pa 1 October 2007. Kwa zaka zambiri panalibe njira ina koma kunyamula chimpukutu cha mapepala kupita nacho ofesi ndi ofesi, kapena kuchitumiza papositi mtima uli m'mwamba. Mu July 2020 OPG inatsegula njira ya pa intaneti, pa tsamba la boma la GOV.UK. Ili ndi makomo awiri. Khomo lanu limatchedwa Use a lasting power of attorney, lolowera mwini chikalata ndi omuimira. Khomo la mabanki ndi maofesi ndi View a lasting power of attorney. Onse ndi aulere. Wina akakupemphani ndalama kuti akutsegulireni, kapena mukagwera pa tsamba lofuna nambala ya khadi lanu, bwererani msanga, muyambirenso pa GOV.UK penipeni.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti pali manambala atatu, ndipo onse anthu amangowatchula kuti khodi.

Yoyamba muli nayo kale. Ndi nambala ya chikalatacho, ya manambala 12, yoyamba ndi 7, yolembedwa pa chikalata ndi pa makalata ochokera ku OPG. Yachiwiri ndi activation key, kiyi yanu yotsegulira. Imayamba ndi chilembo C, imabwera papositi m'dzina lanu, imagwira ntchito kamodzi kokha polumikiza chikalata ku akaunti yanu, ndipo siyopatsa munthu, ngakhale wakubanki, ngakhale achimwene. Yachitatu ndi access code, yoyamba ndi chilembo V. Iyi ndiye imene banki ikufuna. Mumaipanga nokha mutalowa kale mkati. Musaiwale kusiyana kumeneku: ya C ndi yotsegulira inu, ya V ndi yopereka kwa ena.

Nanga ya C mukaitenga kuti? Zikalata zolembetsedwa kuyambira pa 17 July 2020 zinkabwera ndi kiyiyo m'kalata yomweyo yodziwitsa kuti kulembetsa kwatheka. Cha amayi ndi cha 2018, choncho kalata yanu ilibe kiyi, n'chifukwa chake simukuiona. Musade nkhawa, chifukwa njirayi inafutukulidwa ndipo imalandira zikalata zolembetsedwa kuyambira pa 1 January 2016. Mungoyenera kupempha kiyi. Chikanakhala cha 2014, kapena chikanakhala mtundu wakale uja wa enduring power of attorney, bwenzi tikukamba za mapepala okhaokha.

Musanakhudze kompyuta, dzifunseni funso ili: mu 2018 munkakhala kuti? Kiyi imatumizidwa papositi, ndipo OPG imadziwa adiresi imene inalembedwa pa chikalata. Ife a kuno timasamuka kwambiri, lero Leicester, mawa Nottingham, kutsata ntchito ndi lendi yotsika. Ngati munasamuka, kapena munasintha dzina chifukwa cha ukwati, dziwitsani OPG kaye akonze m'mabuku mwawo. Amayi nawonso ngati anasamukira kwa inu, nenani. Kupanda kutero kalata yanu idzagwera pakhomo la munthu wachilendo, inu mukudikira mwezi wathunthu.

Mukatero lowani pa GOV.UK, mufufuze dzina la khomo lanu lija. Masiku ano kulowa kwake kumadzera pa GOV.UK One Login, akaunti imene boma likugwiritsa ntchito pa zinthu zambiri. Imafuna imelo, pasiwedi, ndi foni yolandirira manambala otsimikizira nthawi iliyonse mukulowa. Gwiritsani ntchito imelo yanu ndi foni yanu. Ndikunenetsa pamenepa chifukwa ana ambiri amaganiza kuti poti nkhani ndi ya amayi, akaunti itsegulidwe m'dzina la amayi. Ayi. Boma likufuna kudziwa kuti amene akuchita zinthu ndi woimira uti. Amayi ali ndi ufulu wokhala ndi kiyi yawoyawo ngati angathe kuigwiritsa ntchito, koma imeneyo ndi yawo.

Mukalowa, sankhani zowonjezera chikalata, munene kuti mulibe kiyi. Adzakufunsani nambala ya 7 ija, maina anu, tsiku lobadwa ndi adiresi. Lembani monga zilili m'mabuku a OPG, chilembo ndi chilembo. Kenako dikirani positi, masiku angapo kapena masabata. Kalata ikafika, musaiike padera. Kiyi imatha mphamvu pakatha miyezi 12.

Ndikukumbuka bambo wina amene anabwera kwa ine atanyamula Baibulo la mkazi wake, lachikuto chakuda chothetheka m'mbali. Anatsegula pa Masalimo, n'kutulutsa envelopu yopindidwa kanayi. Anati, "Anandiuza kuti ndisunge bwino, ndiye ndinasunga." Anasungadi, zaka ziwiri. Titalemba kiyiyo, kompyuta inakana. Bamboyo anagwira kumutu, akuganiza kuti chikalata chonse chafa ndipo mkazi wake, amene panthawiyo sankathanso kugwira cholembera, ayenera kusainanso. Sizinali choncho. Chimene chinatha ndi kiyi yokha, chikalata chinali chamoyo. Tinapempha ina, inabwera, nkhani inatha. Ndafotokoza izi kuti inunso zikakukanikani koyamba musataye mtima: kiyi yotayika kapena yotha imapemphedwanso.

Achimwene a ku Manchester atsegule akaunti yawo, apemphe kiyi yawo. Musabwerekane. Ndipo musanapite kubanki, khalani pansi muwerenge chikalatacho, makamaka pamene amayi anasankha mmene awirinu muzigwirira ntchito. Ngati panalembedwa kuti jointly and severally, aliyense angathe kuchita zinthu payekha, inu ku Leicester iwo ku Manchester. Ngati panalembedwa jointly pokha, ndiye kuti chilichonse muzisaina nonse awiri, ndipo banki ingakane kukupatsani khadi kapena akaunti ya pa foni chifukwa cha chimenecho. Intaneti siisintha zimene amayi anasankha, imangozionetsa. Onaninso pamene anasankha nthawi yoyambira: ena amalola kuti chikalata chigwire ntchito chikangolembetsedwa, ena amati chidikire kufikira atalephera kuganiza paokha. Ngati amayi anasankha njira yachiwiriyi, banki ingafune kalata ya dokotala.

Kiyi ikalowa, mudzaona dzina la amayi pa akaunti yanu. Sankhani zopatsa bungwe mwayi woona chikalata, lembani dzina la bankiyo, ndipo khodi ya V idzatuluka nthawi yomweyo. Imakhala masiku 30. Wakubanki amalowa pa khomo lawo lija, n'kulemba khodiyo pamodzi ndi dzina lomaliza la amayi. Amaona chidule cha chikalata: mwini wake ndani, omuimira ndani, agwira ntchito limodzi kapena payekhapayekha, ndiponso ngati chikalatacho chikadali ndi mphamvu lero. Chomalizachi ndicho chimachititsa mabanki kukonda njirayi, pakuti pepala silinena ngati linathetsedwa dzulo.

Samalani ndi dzina. Amayi athu ambiri ali ndi maina awiri, la kwa bambo awo ndi la kwa amuna awo, ndipo pasipoti ikhoza kunena china, banki china. Wakubanki mupatseni dzina limene lili pa chikalata, mulilembe papepala. Ndinaonapo kalaliki akulimbana ndi dzina la kwathu loyamba ndi zilembo Nkh, akusiya h, kenako n'kunena kuti khodi ndi yabodza. Mayi amene ndinamuperekeza anatsala pang'ono kulira pamaso pa anthu. Vuto linali chilembo chimodzi.

Bungwe lililonse lipangireni khodi yakeyake, ndipo muipange tsiku limene mukukaipereka, osati mwezi usanafike. Mkati mwa akaunti mungathe kuona makhodi amene munapanga, ngati anatsegulidwa, ndipo mungathe kuthetsa iliyonse masiku 30 asanakwane. Musaitumize pa gulu la WhatsApp la banja. Muli maina, masiku obadwa ndi maadiresi, zinthu zimene akuba a pa intaneti amazifuna.

Tsopano mumve bwino apa, chifukwa ndi pamene anthu amakhumudwa. Khodi ya V siikutsegulirani akaunti ya amayi. Imangolowa m'malo mwa pepala. Banki ikaona chidule chija, imayamba ndondomeko yakeyake: idzafuna pasipoti yanu kapena laisensi, umboni wa kumene mukukhala, mwina fomu, kenako imakulembani ngati woimira n'kukupatsani khadi kapena njira yolowera ya dzina lanu. Banki iliyonse ili ndi kachitidwe kake, ndipo ngati amayi ali ndi mabanki awiri mudzayenda kawiri.

Ndikudziwa chimene ambiri amachita podikira. Khadi la amayi lili m'chikwama chanu, nambala yachinsinsi mukuidziwa, foni yawo mumaitsegula nokha. Mumati ndi amayi anga, ndikuwagulira chakudya chawo chomwe. Mtima wake ndi wabwino, koma ndikukupemphani musiye. Banki ikazindikira kuti khadi likugwiritsidwa ntchito ndi wina, ingatseke akaunti, lendi ndi magetsi n'kuima. Choopsa kwambiri n'chakuti m'mabuku zimaoneka ngati amayi ndiwo akutapa ndalama, pamene dokotala analemba kuti sangathe. Tsiku limene wachibale adzafunse kuti ndalama zinapita kuti, mudzasowa chokutetezani. Mukamagwiritsa ntchito khadi la dzina lanu monga woimira, chilichonse chimaoneka poyera, ndipo kuyera kumeneko ndiko kudzakuchotseni m'kamwa mwa anthu.

Pepala lenileni lisungeni pouma. Maofesi ena akadalifunabe. Musamatumize lenilenilo papositi. Loya angakupangireni makope otsimikizidwa, osainidwa tsamba lililonse. Onaninso ngati amayi anasaina chikalata chachiwiri, cha za umoyo ndi chisamaliro. Chimenecho ndi chapadera, chili ndi nambala yake ndi kiyi yake, ndipo cha ndalama chimene muli nachochi sichikupatsani mawu pa za chithandizo cha kuchipatala.

Tibwere ku Dedza, pakuti funso limeneli ndi lolemera kuposa la khodi.

Kwathu sitiona kuthandiza mng'ono wako ngati mphatso. Ndi udindo. Amayi aang'onowo mwina fetereza wa chaka chino akudalira ndalama yomweyo, mwina pali mdzukulu wa ku sekondale amene fizi yake imachokera ku Leicester. Ine ndikumvetsa, ndipo sindingakuuzeni kuti mungodula ngati mukudula chingwe. Koma lamulo la kuno limaona mwa mtundu wina. Ndalama ya amayi ikachoka kupita kwa munthu wina popanda kugula kanthu, kawirikawiri imawerengedwa ngati mphatso, ndipo gawo 12 la Mental Capacity Act linamanga manja a woimira pa mphatso. Limalola kupereka kwa achibale ndi anansi pa nthawi zimene anthu amapatsana mwachizolowezi, monga kubadwa kwa mwana, tsiku lokumbukira kubadwa, ukwati, Khirisimasi, komanso ku mabungwe achifundo amene mwini ndalama ankathandiza. Ndipo kukula kwa mphatsoyo kuyenera kugwirizana ndi chuma chimene ali nacho. Kuponya kenakake pa chinkhoswe cha mdzukulu kungalowe m'menemo. Mapaundi 150 mwezi uliwonse mpaka kalekale ndi nkhani ina.

Poyambira ndi kwa amayi eni ake. Lamulo lomwelo limati munthu aziyesedwa kuti angathe kusankha pokhapokha zitaoneka kuti sangathe, ndipo kutha kumayesedwa pa nkhani imodziimodzi, pa nthawi yake. Matenda oiwala sabwera tsiku limodzi. Mayi amene sangathenso kutsata mabilu onse a m'nyumba angathe kumvetsa bwinobwino kuti akutumiza ndalama zingati, kwa yani, ndipo iwo atsala ndi zingati. Sankhani m'mawa umene adzuka bwino, mukhale nawo, muwaonetse zimene zili mu akaunti, muwafunse m'Chichewa, osawafulumiza. Ngati akumvetsa n'kunena kuti tumizani, chisankho ndi chawo, inu mwangokhala mthenga. Lembani m'kope tsiku, ndalama ndi zimene ananena. Achimwene adziwe.

Ikadzafika nthawi yoti sangathenso kumvetsa, musapitirize mwa inu nokha. Njira yake ndi kupempha chilolezo ku Court of Protection, khoti loona za anthu amene sangathenso kudzisankhira okha, mutanyamula umboni woti amayi ankachita zimenezi kwa zaka: malisiti a Mukuru kapena WorldRemit, masitetimenti a banki. Khoti limayang'ana zimene munthuyo ankakonda ndi kukhulupirira akadali bwino, choncho umboni wotere uli ndi mphamvu. Yambani kuusonkhanitsa panopa.

Pali chifukwa china chochenjerera. Amayi akadzafuna osamalira obwera pakhomo kapena nyumba ya okalamba, khonsolo idzawerenga chuma chawo. Ku England, amene ali ndi chuma choposa mapaundi 23,250 amalipira yekha chisamaliro. Khonsolo ikaona ndalama zambiri zikutuluka matenda atayamba, ingaganize kuti zikuthawitsidwa dala, n'kuziwerengera ngati zikadalipo. Pamenepo amene amavutika ndi amayi. Ndimalangiza mabanja kuti ngati n'kotheka, ana agawane okha mtolo wa kumudzi kuchokera m'matumba mwawo, ndipo amayi aang'ono auzidwe zoona za matendawa. Anthu akumudzi akauzidwa bwino amamvetsa. Chimene chimabala mawu ndi ndalama kungosiya kubwera popanda wofotokoza.

Ndalama za amayi zisasakanizike ndi zanu, ngakhale tsiku limodzi. Sungani malisiti. OPG ili ndi mphamvu yofufuza woimira wina akadandaula, ndipo kope losavuta la ndalama zolowa ndi zotuluka limayankha mafunso ambiri.

Za nyumba ya ku Area 25: khodi ya V musaidalire ku Lilongwe. Inapangidwira maofesi ozolowera lamulo la England ndi Wales, ndipo banki ya ku Malawi kapena ofesi ya za malo siikakamizidwa kuilandira. Ngakhale Scotland ili ndi ofesi yake ndi malamulo ake, nanji kwathu. Kumeneko kumafunika pepala, kope lotsimikizidwa ndi notary kuno (loya wotsimikizira zikalata), kenako lodindidwa chidindo chotchedwa apostille ku Legalisation Office ya boma la UK. Malawi ili m'pangano la Hague lovomereza chidindo chimenechi, koma chidindo chimangotsimikiza kuti siginecha ndi yeniyeni. Sichilamula kuti ofesi ya ku Malawi ikupatseni mphamvu. Musanawononge ndalama, lankhulani ndi loya wa ku Malawi, mumuuze poyera kuti amayi akudwala matenda oiwala, chifukwa chikalata wamba chopatsa munthu mphamvu chimatha mwini wake akalephera kuganiza payekha. Ndipo lendi ya nyumbayo ndi ndalama ya amayi. Amene akutolera kumeneko, kaya ndi msuweni kaya ndi amalume, azikutumizirani ndondomeko yake, ndipo khonsolo ikadzafunsa za chuma cha amayi musabise nyumbayo.

Chotsala ndi chovuta kutchula, koma ndibwino mumve kwa ine kusiyana n'kudzamva pa kauntala ya banki. Mphamvu yanu imathera pa tsiku limene amayi adzatisiye. Kuyambira ola limenelo khadi la woimira silogwiritsanso ntchito, khodi sizipangidwanso, ndipo muyenera kudziwitsa OPG ndi banki. Mabanja athu ambiri amakodwa apa, pofuna kutapa ndalama mwachangu zoti anyamulire thupi kupita kumudzi. Mabanki ambiri kuno amalola kulipira bilu ya okonza maliro molunjika kuchokera mu akaunti ya malemu mukawaonetsa bilu ndi satifiketi ya imfa, koma zotsala zimadikira amene anatchulidwa mu wilo. Choncho pa m'mawa wabwino uja, mukamafunsa za Dedza, afunseninso amayi ngati analemba wilo, ili kuti, ndipo akufuna kudzagona kuno kapena kwawo. Achimwene akhalepo, ngakhale pa foni, kuti yankholo mulimve nonse awiri.